Dziwe la Achabwino

Akulu anga amagulitsa mankhwala pafamase ina m'tauni. Ndi mzimayi wamfupi, wa magalasi, ndipo masiku ano sachedwa kukuyankha zokuwawa. Koma kunyumba timawatchulabe Achabwino, dzina limene analitenga ali mwana chifukwa chilichonse ukawauza ankangoti chabwino. Uwatume kumsika dzuwa lili paliwombo, chabwino. Uwabwereke nsapato yawo yatsopano iwo asanaivale n'komwe, chabwino. Ana a nyumba zoyandikana nafe ankawadyera masuku pamutu, koma mayi athu ankanyadira kuti anabereka mwana waulemu.

Ali kusekondale anasankhidwa kukaphunzira chaka chimodzi kunja, m'dziko lozizira, kudzera ku bungwe lina losinthana ana asukulu. Tinawaperekeza kubwalo la ndege banja lonse, mpaka amalume athu aja amene sabwera ngakhale pamaliro. Amalumewo ndi amene anaima kutsogolo, chifuwa chili patali, n'kulengeza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mayi sanalankhule zambiri. Anangowakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti asakatichititse manyazi, poti mwana akavuta kumeneko amam'bweza chaka chisanathe. Mawu amenewo akulu anga anakwera nawo ndege.

Kumeneko ankakhala kwa mayi wina wamasiye, woyendetsa basi, munthu wa mtima wabwino amene tsiku lililonse ankawafunsa ngati zonse zili bwino. Yankho mukulidziwa kale. Koma zoona zake n'zoti sukuluyo inkawaopsa. Makonde ake anali aatali, ofanana onse, ndipo belu likalira aliyense ankanyamula chikwama n'kuthamangira kuchipinda china. Poopa kusochera, akulu anga ankangotsatira mtsikana wina wa chikwama chofiira. Tsiku lina anam'tsatira mpaka kukalowa kalasi yosakhala yawo, n'kukhalamo phee mpaka belu, akulemba zinthu zosawakhudza.

Choopsa chenicheni chinali pansi pa holo ya masewero. Kunali dziwe losambiramo, m'nyumba momwemo, madzi ake obiriwira, onunkha mankhwala mpaka pamasitepe. Sabata yoyamba aphunzitsi a masewero, bambo wamtali wa wezulo m'khosi, anawafunsa pamaso pa kalasi yonse ngati amadziwa kusambira. Funsolo analimva bwinobwino, tisanamizire chiyankhulo. Kungoti maso onse anali pa iwo, munthu wamkulu akudikira, ndiye pakamwa panangotuluka mawu amene panazolowera. Kusamba ankadziwa, kwa sopo ndi chinkhupule. Koma madzi ambiri amene anali atawaonapo chibadwire anali a mumgolo wa kuseri kwa nyumba yathu. Aphunzitsiwo anagwedeza mutu n'kuwaika m'gulu la odziwa, lija losambira kumbali yakuya.

Kusambira kunali Lachinayi lililonse. Amati Lolemba likangofika ankayamba kale kuganiza chonamizira. Lachinayi loyamba anati aiwala zovala zosambirira. Lachinayi lachiwiri anati ali ndi chimfine, n'kumatsokomola dala. Kenako anati ali kumwezi, ndipo sabata yotsatira anatinso ali kumwezi, ngati kuti aphunzitsi a masewero sadziwa kuwerenga masiku. Ankakhala pabenchi atavala juzi, akuyang'ana anzawo akulumphira m'madzi ngati achule. Madzulo ankadzaza bafa n'kumizamo nkhope kuti azolowere, koma madzi akangofika m'makutu ankavuuka msangamsanga.

Mwina mukuti bwanji sanangoulula. Inenso ndinawafunsa zomwezo, mokalipa ndithu, poti manyazi anapha lambe. Anandiyankha kuti sabata iliyonse bodzalo linkakula. Tsiku loyamba akanangokhala mwana wosadziwa kusambira, koma tsopano anali mwana wabodza amene wapusitsa aphunzitsi mwezi wathunthu, ndipo wotero ndi amene amabwezedwa. Akatseka maso ankaona bwalo la ndege lija, mayi ataima pachitseko manja ali kumbuyo, amalume akuyang'ana kumbali. Lamlungu tikawaimbira foni ankatiuza za kuzizira ndi za basi ya mayi owasunga aja, n'kumaseka nafe.

Zifukwa zinatha. Aphunzitsi analengeza kuti Lachinayi lotsatira n'lamayeso, aliyense adzalumpha kumbali yakuya n'kusambira mpaka tsidya linalo, ndipo wodwala abwere ndi umboni wa dokotala. Mayi a basi aja, posadziwa kanthu, anawachapira zovala zosambirira n'kuwaikira m'chikwama okha.

Tsikulo anaima pamzera, mapazi ali pamatailosi onyowa. Wezulo ikalira, mmodzi ankalumpha, mzera n'kufupika. Amati anaganiza zothawira kuchimbudzi koma miyendo inakana. Anaganiza zokweza dzanja koma linali lolemera ngati si lawo. Mtsikana wa chikwama chofiira uja analumpha patsogolo pawo, ndipo anangoona kuti kutsogolo kulibenso msana wa munthu, kuli madzi okhaokha, pansi pake mizere yakuda ikugwedezeka. Aphunzitsi anawamwetulira n'kufunsa ngati akonzeka. Akulu anga, mwana wa mayi anga, anati chabwino.

Analumpha. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi tsitsi limandiima. Amati phokoso lonse linazima kamodzi, anapalasa ndi miyendo kufuna pansi koma pansi panalibe. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, madzi analowa. Nyali za kudenga zinkaoneka kutali, zikuchepa. Amene anawavuula ndi aphunzitsi aja, atalumphiramo ndi nsapato zomwe. Anatsitsimukira pamatailosi akusanza madzi, kalasi yonse itawazungulira.

Masana omwewo, nesi wa pasukulu atawapima, anawatengera kuofesi ya ahedi. Mayi a basi anafika atavala yunifolomu ya kuntchito, maso ali psuu, n'kukhala pambali pawo atawagwira dzanja mwamphamvu. Panalinso mayi wina wa ku bungwe losinthana ana lija, amene anali ndi mphamvu zobweza mwana. Akulu anga anadikira kukalipiridwa, koma palibe anakalipa. Mayi wa bungweyo analankhula mofatsa, kuti mwina moyo wa kuno wawalemera, kuti si mlandu, ana ena zimawachitikira. Kenako anawerama pang'ono n'kufunsa.

"Mwanawe, tikubwezere kwanu kwa mayi ako?"

Amati mantha a m'dziwe anali ochepa poyerekeza ndi amenewa. Munthu wamkulu wafunsa mwaulemu, ena awiri akudikira, ndipo chabwino uja anali atafika kale palilime, wokonzeka kutuluka yekha monga mwa masiku onse. Anam'mva akubwera. Analuma mlomo mpaka kulawa magazi.

"Ayi."

Liwulo linatuluka m'chiyankhulo chathu, moti palibe analimva. Anthu atatuwo anangoyang'anana. Akulu anga anachita kulinenanso m'chiyankhulo cha kumeneko, n'kuwonjezera kuti sadziwa kusambira, sanadziwepo, koma akufuna kutsala.

Anatsala mpaka chaka chinatha. Anawaika kumbali yosaya pamodzi ndi tiana tating'onoting'ono, ndipo chimene anaphunzira n'kuyandama chagada basi. Mwana wa ng'ona wa amalume uja mpaka lero dziwe amaliyendera patali.

Ife kunyumba sitinadziwe kanthu, poti iwo anapempha kuti asatiuze. Nkhaniyi anadzatifotokozera patapita zaka, atayamba kale ntchito, tsiku lina tikutsuka mbale kukhitchini. Ankaifotokoza moseka, ine ndikukalipa, koma mayi sanaseke. Anaika pansi mbale imene ankapukuta, n'kukhala pampando.

"Ine ndinati usakatichititse manyazi," anatero mawu ali pansi. "Sindinati ukafe."

Ndinadikira kuti akulu anga awatonthoze ndi mawu awo aja. Anangotola mbale ija n'kuyamba kuipukuta. Sanati chabwino.