Kirimu wa a Katatu

A Katatu akhala akupaka penti nyumba za anthu kwa zaka makumi atatu, ndipo khoma lililonse amalipaka katatu, mwini nyumba afune asafune. Mtundu wawo ndi umodzi, kirimu wosakaniza okha: woyera, wachikasu pang'ono, ndi kadontho ka wabulawuni. Ukawapempha wobiriwira amakumvetsera mwaulemu, kenako n'kukupakira kirimu.

Ndiye taonani, munthu wotereyu kubereka mwana wojambula zithunzi! Kukoleji mtsikanayo anapatsidwa ntchito yojambula khoma la m'holo yakale ya m'tauni, pamene amisiri akale anakongoletsa ndi maluwa, mipesa ndi mbalame. Mtundu uliwonse unayenera kufanana ndendende ndi wa pakhomapo, ngakhale wa theka limene winawake analikwirira ndi penti wa kirimu.

Winawakeyo anali a Katatu. Chaka chimene mwanayo anabadwa, kapitawo anawalamula kufufuta "zauvezo", ndipo atamaliza theka mabwana anasintha maganizo. Nkhaniyi sanamuuzepo mwana wawo, ndipo tsopano ankaopa kwambiri kuti aidziwa.

Tsiku loonetsa ntchito a Katatu anapita atavala jekete, chipewa chili m'manja. Mphunzitsi anaima pa chithunzicho n'kuyamba kumasulira.

"Wofiirayu ndi moyo. Wobiriwirayu ndi chiyembekezo. Koma mbali yotuwayi, bambo, ndi dzanja la mbuli, munthu wa maso koma wosaona."

"Zoonadi," anavomera a Katatu.

Mphunzitsi anatembenukira kwa mtsikana. "Komabe kirimu wako sakufanana ndi wa pakhoma. Ukapanda kumupeza, ntchito yonseyi walephera."

Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, koma apa zinatembenuka. Masabata awiri mtsikana anakhala pa tebulo la pabalaza akusakaniza penti, kachibenthu ka penti wa kirimu kamene anatola m'munsi mwa khoma la m'holo lija kali pambali. Lero watuwa kwambiri, mawa wapita kuchikasu. A Katatu ankangodutsa, ati akufunafuna bulashi. Atamupeza akulira, mtima unawapweteka kuposa manyazi.

"Tabweretsa kambaleko, mwananga."

Anathira woyera, wachikasu pang'ono, kadontho ka wabulawuni, n'kutakasa ndi chala. Mtsikana anapaka papepala, anadikira kuti uume, n'kuikapo kachibenthu kaja. Sukanasiyanitsa. Anadumpha ndi chimwemwe, koma akukweza pepala m'mwamba anaona kuti likufanananso ndi khoma la pabalazapo, ndi la kukhitchini, ndi la kuchipinda kumene anakuliramo.

"Bambo," anatero chapansipansi, "munali inu?"

A Katatu anapukutira chala pa thalauza.

"Amisiri aja ankaidziwa ntchito, mwananga. Nditapaka kawiri, mbalame zija zinkaonekerabe, zikundiyang'ana. Dzina langali linayambira pamenepo."