Ambulera yofiira ya amake Shalom

Zoti pa Mtunthama pabwera mnyamata wojambula anthu atagwira katundu, ndinazimva koyamba kwa a Lefina, tsiku lomwelo limene tinadziwana. Anzanga, tcherani khutu, chifukwa nkhaniyi mpaka lero sindikuona mutu wake.

Inali nyengo yosankha fodya. A Lefina, mayi wamasiye, anabwera kuchigafa kwanga kudzagwira ganyu. Ine Yobe, imvi mbuu, ndakhala ndekha chimwalirire mkazi wanga, amake Shalom.

"Bambo a Shalom, tsamba lothothoka ili mwaliyika pa grade yabwino? Maso akutha eti?"

"Maso alipo mayi, kungoti akuyang'ana kwina."

"Iii! Nkhalamba iyi!"

Anaseka mpaka kutsamwa ndi fumbi la fodya. Kenako nkuyamba kundisimbira za wojambulayo, kuti ena amawakweza pa njinga yamoto yosayenda, ena amawagwiritsa sutikesi ngati akupita ku Joni. Ine ndimangoti eee, eee, koma khutu linali pa mawu awo, osati pa nkhaniyo.

Fodya anatha, ganyu inatha, koma a Lefina sanasiye kubwera. Lero abweretsa chigumu, mawa andikalipira kuti malaya sindichapa bwino. Pomwe dzinja limayandikira, tinali titagwirizana zotuma ankhoswe.

"Koma tiyambe tajambulitsa," anatero. "Ana anga ali ku Lilongwe, aone kaye nkhope ya munthu wofuna kuba mayi awo."

Tinapita. Mnyamatayo dzina lake Stewart, kachipinda kake kali kuseri kwa chigayo. Ine ndinaloza njinga ija.

"Ayi madala, imeneyo yakwerapo Kasungu yense. Inu mubwere ndi ma props anu. Chinthu cha kunyumba, chokhala ndi story, chomwe mumachikonda."

Chomwe ndimachikonda! Ndinafika kunyumba nkuyang'ana uku ndi uku. Khasu? Wailesi yosweka? M'nyumba monse chinthu chokongola chinali chimodzi: ambulera yofiira yomwe ndinagulira amake Shalom chaka chomwe fodya anandikomera. Ili ndi kachigamba kamodzi kamene anasoka okha ndi ulusi wakuda. Ndinaipukuta bwinobwino. Mumtima ndimati mkazi wabwino ayenera chinthu chabwino.

Loweruka a Lefina anatulukira ndi chipewa chakuda nkundiveka. Stewart anatiyimika panja padzuwa, anamanga masamba a fodya ngati maluwa a ukwati nkuwagwiritsa a Lefina m'manja. Ine anati nditambasule ambulera, ndiwafunditse.

"Sunthirani pafupi madala, si apongozi anu amenewo! Amayi, smile! Muwayang'ane ngati akubwera ndi cheke!"

Anzanga, chithunzi chinatuluka! Dzuwa litadutsa mu ambulera, nkhope ya a Lefina inafiira ngati ya namwali. Anatichapira ziwiri, china chawo, china changa. Stewart anapempha kuti aike pa Facebook, ife tinavomera.

Sipanathe sabata, mlamu wanga Keziya, mng'ono wa malemu, anafika pakhomo osaodira nkomwe, foni ili m'manja.

"Alamu, ichi nchiyani?"

"Ndine ameneyo. Sindinatchene?"

"Ndikunena chofiirachi! Tsiku logawa katundu tinakusiyirani kuti muzikumbukira achemwali anga, osati muzifunditsa akazi ena. Amayi onse a Chigwirizano kutchalitchi aizindikira ndi chigamba. Mvetserani ma comment!"

Anandiwerengera mokweza. Wina akuti malemu akadali kutchinga dzuwa ali kumanda. Wina akuti mayiyo walowa m'nyumba asanalowe. Enawo anangoika tinkhope toseka tokhatokha.

Madzulo ake ndinathamangira kwa a Lefina. Ndinawapeza akupeta chimanga. Mpando sanandipatse.

"Kutchalitchi akunditcha wolanda za akufa," anatero osadzutsa mutu. "Bwanji simunandiuze?"

"Mnyamata uja anati chomwe ndimachikonda..."

"Eya. Ndiye munabweretsadi chomwe mumachikonda."

"Ndi ambulera chabe, mayi!"

"Chipewa chija mukudziwa kumene chinachokera? Cha malemu amuna anga chili pa msomali m'nyumbamu, chabwino kuposa chimenecho. Ndinachiyang'ana, ndinachisiya. Ndinayenda wapansi kukagula chatsopano kuti mutu wanu usalowe m'thukuta la munthu wina. Inu munandiyimika mumthunzi wa mkazi wanu, ine nkumaseka ngati chitsiru."

Ine ndinafunsa chapansipansi:

"Nanga za ankhoswe?"

"Pitani kaye, bambo a Shalom. Kunja kukuda."

Ndinabwerera ndikudzifunsa njira yonse. Ndikanabweretsa khasu bwenzi akuti ndawanyoza. Ndabweretsa chokongola, ndalakwanso. Kodi munthu ukakonda kawiri, zakale uzikwirira kuti?

Kutacha ndinatsegula chitseko nkupeza chithunzi chawo chija pakhonde, atachipsinja ndi mwala. Munthu sindinamuone, mapazi okha pa mame.

Anachidula ndi sizasi. Ndinayamba ndaganiza kuti adzichotsapo okha, koma ayi, alipo, akumwetulira ndi fodya wawo m'manja. Inenso ndilipo, ndi chipewa changa chatsopano. Anachotsa ambulera yokha, mosamala, mozungulira mitu yathu, osakhudza ngakhale khutu langa.

Koma dzanja langa lomwe linagwira ambulerayo linapita nayo limodzi.

Ndiye ndakhala pano pakhonde, anzanga, ndikuchitembenuza. Akanafuna kundisiya, bwenzi atadula pakati pathu. Akanandikhululukira, bwenzi atachisunga kwawo. Tayima awiriwiri, pamwamba pathu pali bowo, ine ndili ndi mkono umodzi.

Ambulera ili paja pa ngodya, chipewa chili pa bondo langa. Ndikanyamuka pano sindikudziwa kuti ndiyambire kwa Keziya kapena kwa a Lefina.