Nsomba Yopanda Mutu

Dzulo wailesi inati nyanja za kumpoto kwenikweni kwa dziko zikufunda, nsomba yotchedwa bakayawo ikuthawira kozizira, ndipo asodzi akumeneko akubwerera chimanjamanja. Pompo fungo lake la mchere linandibwerera m'mphuno.

Inali nthawi ya nkhondo, ndiwo zitasowa kuno ku Lichinga. Bambo anafika kuchokera ku serviso, kuntchito kwawo, atakwapatira chinthu chouma gwa ngati thabwa.

"Ndi nsomba iyi, bakayawo," anatero.

"Nanga mutu uli kuti, Papa?"

Amalume anga, msodzi wa ku Meponda, anaitembenuza n'kuinunkhiza. "Kwawo kumazizira kuposa kuno, mphwanga. Mutu unathothoka ndi chisanu."

Ndinakhulupirira. Mayi ataiviika m'beseni kuti mchere uchoke, ine ndinkati akuitsitsimutsa. Koma m'madzi ozizira chonchija! Ndinaimvera chisoni, mpaka ndinaphula ketulo pamoto kuti ndiithire madzi otentha.

Mayi anandigwira dzanja. "Iwe! Ukufuna tidye chiyani pa festa, phwando la ufulu lija? Imeneyi ndi ya kozizira, sigwirizana ndi madzi otentha."

Lero tonse tikukhuthulira ketulo m'nyanja yake, ndipo palibe mayi wotigwira dzanja.