Gudumu lanu loyeza mphepo, Atate

Atate, dzulo ku Kapata mdzukulu wanga anandionetsa kachipangizo kozungulira padenga la sukulu. Akuti kamayeza liwiro la mphepo ndi kumene ikulowera. Ndinapsa mtima pomwepo, chifukwa ndinakumbukira chanu chija cha ku Chiparamba, zaka za nkhondo ya azungu: zikho zinayi pa gudumu la njinga, ndi mchira wa chitini wolozera mphepo. Tsiku lotentha mapesi Amayi anakuchondererani kuti mudikire, poti mphepo ya m'chilimwe siikhulupirika. Inu munayang'ana zikho zanu n'kunena kuti, "Zikuzungulira pang'onopang'ono, mchira waloza kudambo. Mkazi adziwa chiyani?" Munayatsa. Mphepo inatembenuka, moto n'kugwira nkhokwe zathu. Ife tikuuzima ndi nthambi, inu munakwera pamtengo kukapulumutsa gudumu lanu. Njala ya chaka chimenecho inatenga Misozi, mng'ono wanga, asanayambe n'kuyenda komwe.

Ana anga amati ndikukhululukireni poti munapita kalekale. Ndakalamba, Atate, mano atha m'kamwa, koma sindinatero ayi. Gudumu lija munalithira mafuta mpaka imfa yanu. Manda a Misozi simunawalambulepo ngakhale kamodzi.