Kapu ya Zelipa

Nditaona kuti amuna anga sakubwerako ku Walale, kumene anapita kukagwira ntchito, ndinaganiza zowalondola. Amayi anakana, koma msonkho wa nyumba sunkadikira munthu. Ndinanyamuka ndi anthu akwathu kufupi ndi Sinda, wapansi mpaka kuwoloka Zambezi.

Amuna angawo ndinawapeza pa famu ya fodya, ine n'kuyamba kuchapa zovala kwa kapitawo. Mwana wathu Zelipa anabadwira komweko. Atangoyamba kuyenda, bambo ake anapitirira ku Joni, osatumizanso mawu. Ndinatsala mukomboni ndi mwana, wolankhula naye chinenero chathu n'kukhala iye yekha.

Ndalama zoyamba ndinagulira amayi bulangete lofiira, n'kupatsira munthu wobwerera kumudzi. Mawu awo anandipeza mvula itatha: “Ndikalifunda ndimamva ngati wagona pambali panga.” Zelipa ndinamugulira kapu yachitsulo, yoyera, ya mkombero wobiriwira. Madzi kaya phala, sankamwera pena.

Pobwerera ndinapeza mudzi wagawikana. Kunali kutabwera mlaliki wobatiza mumtsinje, wonena kuti ulamuliro wa azungu watsala pang'ono kutha, ndipo wosunga katundu wawo adzathera nawo limodzi. Ambiri anamutsatira n'kukana msonkho. Ochepa anakangamira kwa aphunzitsi a mishoni. Mbali ya munthu inkadziwika ndi zimene zili m'nyumba mwake.

Amayi anaiona kapuyo tisanakhale n'komwe pansi.

“Ichi sichigona muno.”

“Amayi, ndi ya mwana. Samwera pena.”

“Bulangete lija ndinalitentha ndekha, anthu akuonerera. Uyesa sizinandiwawe? Akaiona iyi adzati ndife a Boma. Adzatithandiza kulima ndani? Ndikafa adzandiika ndani?”

Ndinalibe kwina kopita. Kapu ndinaikwirira kuseri kwa nkhokwe, amayi n'kuwauza kuti ndaitaya kumtsinje. Zelipa analira mpaka mawu kusasa. Kenako ludzu linamugonjetsa, anamwera m'chikho.

Koma Zelipa anali atandiona ndikukumba. M'mawa uliwonse amakakhala pamalopo n'kumasisita dothi ndi kadzanja kake. Amayi akamasesa amamulambalala, safunsa kanthu.

Za mlaliki uja sindidziwa ngati n'zoona, za Boma sindidziwanso. Mwezi uno kukuzizira kwambiri. Amayi amadzuka atadzipinda pamphasa, mafupa akuwawawa, ndipo m'nyumba muno palibe amene amatchula bulangete.