Kasipuni ka a Kireni

Pamalo omanga nyumba zosanja aliyense ankawaitana kuti a Kireni, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndiwo ankayendetsa chimakina chachitali chokweza zitsulo ndi simenti. Kachipinda koyendetsera kanali pamwamba penipeni, kofikako pamakwerero. Thupi litakula, shuga atalowa, mawondo nawo akudandaula, tsiku lina anaima pakati pa makwererowo mpweya utawathera. Kapitawo anawasamutsira pageti kuti azitsegulira malole.

Dokotala atatchula za opaleshoni yochepetsa chifu, sanachedwe kuvomera. Anatuluka m'chipatala ndi pepala la malamulo: milungu iwiri zamadzimadzi zokhazokha, kenako mwezi wathunthu chakudya chogaya, chosalala ngati cha khanda.

Akazi awo, aphunzitsi a kupulayimale, anagula bulenda, makina ogayira chakudya. Tsiku loyamba anawaikira patebulo kakapu ka zinthu zotuwa.

“Ichi n'chiyani, mayi?”

“Nkhuku. Ndaigaya ndi msuzi wake. Masipuni anayi basi, pang'onopang'ono.”

“Nkhuku yopanda ntchafu?”

“Ntchafu munadya zokwanira, bambo. Nkhuku zina zipumeko.”

Sabata yomweyo, akazi awo ali kusukulu, a Kireni anabenthula kabuledi n'kumeza. Pachifuwa panagwira ngati pakhala mwala, thukuta kamukamu, mpaka anasanza. Atakhala pansi kubafa anadziuza kuti kuba kwatha. Ngati chakudya chake n'chimenechi, achiphika okha mpaka chikome.

Anayamba kuyesa. Nsomba yochotsa minga ndi karoti, n'kufinyiramo ndimu. Nyemba zosefa makoko, tomato ndi adyo pang'ono. Dzira ndi peyala. Zina zinkakanika moti ngakhale mphaka ankangonunkhiza n'kuchokapo, koma zina akazi awo ankapempha zowonjezera.

Atabwerera kuntchito anatenga kabotolo ndi kasipuni ka tiyi. Masana anzawo anakhala pamatabwa ndi tchipisi ndi nyama yootcha.

“Achimwene, mawa tikubweretsereni thewera?” anatero wowotcherera zitsulo, onse n'kufa nazo.

“Mubweretse lalikulu,” anayankha a Kireni, akunyambita kasipuni mosathamanga. Kabotolo kamodzi kankawatengera mphindi makumi awiri, ndipo madzi ankadikira theka la ola asanamwe. Tsiku lachitatu wowotcherera uja analawa nsomba ya m'kabotolomo ndi chala, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti amathiramo chiyani. Amayi ake, omwe mano anawathera, ankakana chakudya kunyumba.

Mwezi utatha, namwino anawalola zofewa zotafuna. Lamba wa buluku anabooledwa kawiri, kenako kachitatu. Mankhwala a shuga anachepetsedwa. M'mawa uliwonse a Kireni ankakwera masitepe a nyumba yomwe inkamangidwa pamalopo, lero nsanjika ziwiri, sabata yamawa zinayi.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri anapereka kalata ya dokotala kwa kapitawo, navala chipewa ndi lamba wachitetezo, n'kuyamba kukwera makwerero a chimakina chija. Amisiri anasiya ntchito n'kuyang'ana kumwamba. A Kireni anapumira kamodzi kokha. Patapita kanthawi wailesi yolumikizirana ya kapitawo inalira. Anali a Kireni, ali m'kachipinda kaja.

“Bwana, kodi zitsulozo mumanga lero kapena mawa? Ine ndafika kalekale.”

Pansi panabuka mluzu ndi kuwomba zipewa. Chingwe chinatsika bwinobwino, n'kukaima pamwamba penipeni pa mtolo woyamba.