Mpira wa mwana wa tenanti

Ndinali ndi zaka khumi pamene makolo anga anachoka ku Mulanje kukagwira utenanti pamunda wa fodya wa bambo wina, kufupi ndi kwa Kaluluma. Bamboyo anatipatsa kanyumba ka udzu kuseri kwa chigafa, moyanika fodya muja. Kumeneko ndinalibe dzina. Aliyense ankangoti "mwana wa tenanti", ngati mmene amaitanira mbuzi ya eni.

Madzulo atsikana ankasewera fulaye pabwalo. Awiri amaponyerana mpira, wapakati n'kumazinda uku akuthira mchenga m'botolo. Mpira ukakugunda wafa, koma mnzako akadzaza botolo, nonse akufa mumadzuka. Ine ndinkaonerera ndili patsinde pa mtengo wa mango, manja akuda ndi utomoni wa fodya nditawabisa m'khwapa. Mtima unkalakalaka, koma woitana panalibe.

Tsiku lina mpira wawo unaphwasuka. Ndinathamangira kuchigafa, ndinatola tizingwe todukaduka tosokera fodya, tomwe mayi ankasesa n'kukataya kudzala, n'kumanga nato mapepala a shuga. Unali mpira wolimba ngati bwemba. Tiwonge, mwana wa mwini munda, anaufinya m'manja n'kundiyang'ana.

"Dzina lako ndani? Tiye, uli mbali yathu."

Tsiku limenelo ndinazinda ngati moyo wanga wagona m'botolomo. Anzanga onse anali atafa, ndinatsala ndekha pakati, fumbi lili koboo. Botolo litadzaza, atsikana anandilumphira akukuwa, "Esinati! Esinati!" Tiwonge anandikumbatira, osasamala za manja anga. Kuyambira pamenepo ndinali ndi anzanga otungira nawo madzi, ogawana nawo chimanga chootcha.

Sizinakhalitse. Madzulo ena aNaphiri, mayi ake a Tiwonge, anatipeza ine ndi Tiwonge titakoloweka manja m'makosi. Anatola mpira uja, n'kuutembenuzatembenuza.

"Chingwe ichi si cha m'chigafa mwathu? Kani tikuweta wakuba pano!"

Anaitanitsa mayi anga. Mayi anagwada m'fumbi lomwe lija tinkaseweramo. Iwo ankadziwa bwino kuti tizingweto tinali tizinyalala, popeza ankasesa ndi iwo omwe. Koma fodya anali asanapite kumsika, ndipo kuthamangitsidwa nthawi imeneyo kukanakhala kulima chaka chonse pachabe. Mayi anathyola kamtengo, nandikwapula anzanga onse akuona. ANaphiri anadula mpirawo ndi mpeni, nati, "Tiwonge, ndisadzakuonenso ndi ameneyu."

Ndinapsa mtima moti usiku sindinadye. Ndinkadana ndi mayi anga chifukwa chogwada, mpaka ndinawamva akulira chapansipansi atatembenukira kukhoma. Pamenepo mkwiyo wanga unapeza mwini wake, aNaphiri.

Sabata yonse sindinaponde pabwalo. Kenako, ndikusoka fodya, ndinamva phokoso kuseri kwa chigafa. Atsikana onse anali atasamutsira masewero kumeneko, botolo lili pansi. Tiwonge anandiponyera mpira watsopano womangidwa ndi nsanza za chitenje.

"Ichi n'chitenje cha amayi. Akafuna wakuba, abwere kwa ine. Lowa, tikuchepa."

Anamenyedwa chifukwa cha chitenjecho, koma m'mawa mwake anabweranso.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo ana a Tiwonge amanditcha mayi aang'ono. Ndazindikira kuti nkhani sinali chingwe ayi. Chimene chinawaipira aNaphiri ndi dzanja la mwana wawo pakhosi panga. Ana akasiyidwa okha ndi mpira ndi botolo amangofunsana dzina basi. Zosankhana amachita kuphunzitsidwa, nthawi zina ndi mpeni m'manja.

Anthu amati ndikhululuke, zinapita kale. Mwina ndikanatero aNaphiri akanati akukumbukira. Akalamba tsopano, ndikapita kukawaona amandigwira dzanja n'kumati "mwana wanga". Ndimagwada, ndimawapatsa moni mwaulemu. Chaka chatha ndinalimba mtima, ndinawafunsa za mpira uja ndi tsiku lija mayi anga malemu anagwada m'fumbi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mpira uti, mwana wanga?"